Sushi wake kapena sushi yake?

Mwezi wathawu ndinawapatsa ophunzira anga a kalasi ya zomasulira ku Chirunga ntchito imene poyamba anaiyesa nthabwala. Ndinawagawira pepala limodzi, menyu ya malo ena odyera a Chijapani, n'kuwauza kuti aimasulire m'Chichewa choti agogo awo atha kumva. Menyuyo ndinachita kubwera nayo kuchokera ku Johannesburg, komwe tinapita kumsonkhano wa anthu ofufuza ziyankhulo. Madzulo a tsiku lomaliza eni msonkhano anatitengera kumalo amenewo, ndipo potuluka ndinapempha pepalalo kwa mnyamata woperekera zakudya. Dzina la malowo ndalisiya dala. Sindikufuna kuwatsatsira malonda, komanso sindikufuna kuwanyoza, poti chakudya chawo chinali chabwino ndithu. Mlandu wanga uli ndi mawu a papepalalo, ndiponso ndi mawu amene ife timathamangira tikafuna kumuuza mnzathu kuti sushi n'chiyani.

Kwa inu amene simunalowemo m'malo otere, muone motere. Pali thebulo lalitali la thabwa loyera, mipando yowerengeka yandanda mbali imodzi, ndipo wophika waima tsidya linalo ndi mpeni wautali. Mulibe poto wobwata, mulibe utsi, mulibe fungo la anyezi. Iye amadula kachidutswa ka nsomba, n'kutapa mpunga pang'ono ndi dzanja, n'kuufumbata, n'kusanjika nsomba ija pamwamba, kenako n'kukuikirani patsogolo. Kamodzi kokha. Mukameza, ndiye akonza kena. Tinadya choncho mpaka usiku, ndipo ndalama imene inalipidwa pa mutu wanga wokha ikanagula matumba a mpunga kusikimu ya Likangala. Nditafika kuchipinda ndinadya buledi. Ndaulula izi kuti mudziwiretu kuti woweruza mlanduwu ali ndi mbali yake.

Pochonga, chimene chinayamba kundiimitsa si matanthauzo ayi, koma agwirizanitsi. Ambiri analemba kuti "sushi yathu ndi yokoma". Ena analemba kuti "sushi wathu ndi wokoma". Mmodzi, kaya ndi kulimba mtima kaya ndi ulesi, anangoti "masushi athu", n'kuthawa nkhondo yonse.

Mukudziwa kale kuti dzina lobwereka likalowa m'Chichewa limayenera kupeza gulu, apo ayi silingayende m'chiganizo. Mayina ena amakokedwa ndi kamvekedwe ka phatikizo lawo loyamba. Tchipisi chinagwera m'gulu la Chi-Zi chifukwa khutu linamva "chi", basi, n'chifukwa chake timati tchipisi chotentha. Ena ambiri amakafikira m'gulu la I-Zi: supuni yanga, foloko yanga, kapu yanga, soseji yanga. Koma taonani zakudya ndi zakumwa zimene zinabwera ndi atsamunda: buledi wanga, tiyi wanga, shuga wanga, khofi wanga. Zimenezi zinakakhala m'gulu la Mu-A, limodzi ndi fodya ndi galu, popanda kuvala mphatikiram'mbuyo aliyense. Tsono "su" wa sushi sakoka gulu lililonse, ndiye chimene chimatsala n'chakuti woyankhula akuganiza kuti chinthucho n'chiyani.

Ndinawafunsa a "ya" aja chifukwa chake. Yankho linabwera msanga: "Aphunzitsi, nanga si nsomba?" Ndiye kuti mgwirizanitsi wawo sagwirizana ndi sushi, akugwirizana ndi dzina lina lobisala kumbuyo, nsomba. A "wa" aja ambiri anati zinangowamvekera bwino choncho, ngati buledi. Koma panali mtsikana wina, kwawo n'kumunsi kwa mtsinjewu komwe amalima mpunga, amene analemba chiganizo ichi: "Sushi ukakonzedwa bwino umagwirana." Osati ikakonzedwa, osatinso akakonzedwa. Ukakonzedwa. Ameneyo ndi mgwirizanitsi wa gulu la Mu-Mi, wa mpunga weniweni. Nditamufunsa anati, "Ndinaona chithunzi pafoni. Umenewu ndi mpunga, nsombayo ndi chipewa chabe."

Mtsikanayu analondola, ndipo analondola asakudziwa mbiri imene ikumuikira kumbuyo.

Dzina lakuti sushi linachokera ku mfotokozi wakale wa Chijapani wotanthauza chinthu chowawasa. Mulibe nsomba m'dzinamo. Kalekale anthu ankatumbula nsomba, kuithira mchere wambiri, kuifotsera mumpunga wophika mumgolo wa matabwa, n'kupsinja ndi mwala. Mpunga uja unkasasa, ndipo kusasako n'kumene kunkaiteteza nsomba kuti isaole kwa miyezi yambiri. Nthawi ikakwana ankadya nsomba, mpungawo ambiri n'kuutaya. Umenewu ndiye narezushi, ndipo mpaka lero anthu a m'mbali mwa nyanja ya Biwa, m'chigawo cha Shiga, akupangabe mtundu wake wotchedwa funazushi, umene umakhala mumgolo chaka kapena kuposerapo. Nyanja ya Biwa si ya madzi a mchere. Ndi nyanja ya pakati pa dziko ngati zathu zomwezi. Munthu amene anaviikapo mphale mpaka madzi kusanduka matsukwa, kapena amene anadutsapo pomwe aviika chinangwa cha kondowole, fungo la nzeru imeneyi salidabwa. Vutonso ndi lomwe lija limene asodzi a ku Kachulu ndi pachilumba cha Chisi amalimbana nalo: lero nsomba zaphedwa zambiri, mawa kulibe, titani kuti zisawonongeke? Ife tinayankha ndi dzuwa ndi utsi, matemba oyanika ndi mlamba wowamba. Iwo anayankha ndi mchere ndi mpunga wosasa.

Patapita zaka mazana angapo anthu anatopa ndi kudikira. Anayamba kungothira viniga mumpunga, amene Baibulo lathu limamutchula kuti vinyo wosasa, kuti kuwawasa kwa miyezi kupezeke tsiku lomwelo. Mpunga unasiya kutayidwa, n'kukhala mwini mbale. Umboni wake uli pamenyu pomwepo. Pali kappamaki, mpunga wokulunga ndi nkhaka m'kati, wopanda nsomba ngakhale fungo lake, koma ndi sushi. Pali wina wa dzira lokazinga pamwamba, ndi sushi. Koma nsomba yodulidwa yoikidwa payokha popanda mpunga dzina lake ndi lina, sashimi. Chotsani nsomba, sushi utsala. Chotsani mpunga, watha.

(Ena a inu mwaona kuti ndalemba narezushi ndi funazushi, osati naresushi. Si kuphonya. M'Chijapani, dzina likakhala lachiwiri m'dzina la mawu awiri, nthawi zambiri liwu lake loyamba limasintha: s akhala z, t akhala d, k akhala g. Iwo amati rendaku. Zisakuopseni. Inunso mumati tsamba koma masamba, phiri koma mapiri, khasu koma makasu, dzira koma mazira, ndipo palibe tsiku limene munagona ndi mutu chifukwa cha zimenezi.)

Ineyo ndiye ndasankha mbali: sushi wake, sushi uwu, sushi ukukoma. Ndikudziwa kuti chiyankhulo sichimvera mphunzitsi. Anthu akadzaukonda mgwirizanitsi wa nsomba, adzapambana ndi iwowo, ndipo a ku Centre for Language Studies kuno ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, adzangolemba zimene anthu akunena. Koma pamene dzinali likadali mlendo, lisanamange nyumba, pali mpata woti tilisonyeze malo oyenera. Ndi mlendo wosavutanso. Mayina a Chingerezi timachita kuwawonjezera zilembo za liwu kuti apume bwino m'kamwa mwathu, buledi, sukulu, sipanala. A Chijapani amabwera atakonzeka kale: su-shi, sa-shi-mi, wa-sa-bi, phatikizo lililonse kuthera ndi lembo la liwu ngati kwathu. Anthu ongodzipereka a ku Japan, amene anayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, naonso analipinda dzina la nsima yathu kuti likwane m'kamwa mwawo. Ambiri amalemba kuti shima, poti m'chiyankhulo chawo mawu sayamba ndi "n" woima payekha, ndipo "si" amamveka "shi". Iwo sanapemphe chilolezo. Ifenso tisachite manyazi.

Pampunga pomwepa pali msampha wina umene unakola ophunzira ambiri. Menyu inatama mpunga wawo kuti ndi womata, ndipo ena pomasulira anachita manyazi m'malo mwa eni ake, n'kulemba kuti "mpunga wofewa bwino". Ndikuwamvetsa. Kwathu mpunga wotamandika ndi woyoyoka. Kilombero kapena Faya akaphikidwa ndi munthu wodziwa, njere iliyonse imakhala payokha, ndipo mpunga womatana timauseka kuti ndi phala. Koma mpunga wa sushi ndi mtundu wina, wa njere zazifupi zonenepa, monga wotchuka uja wotchedwa Koshihikari, ndipo kumata ndiwo ulemu wake, poti ukayoyoka sufika pakamwa. Womasulira akabisa kumatako chifukwa kwawo n'chonyozeka, wanamiza owerenga. Lembani kuti womata, kenako muuzeni munthu chifukwa chake.

Tsopano tifike pa mawu amene anandipweteketsa mutu kuposa onse. Pafupifupi aliyense penapake analemba kuti "nsomba yaiwisi".

Loweruka ndinatsikira pamsika wa Mpondabwino. Ndinapeza mayi wina atayala makumba pabeseni, ndipo ndinafunsa monga mmene aliyense amafunsira. "Mayi, makumbawa ndi aawisi?" Iwo anati, "Aawisi bambo, angofika kumene m'mawa uno kuchokera kunyanja." Tinamvana, ndinagula, anandiikira banyira kamodzi. Kodi mayi aja anaganiza kuti ndikatafuna nsombazo panjira? Ayi. Kwa iwo ndi kwa ine, aawisi anatanthauza kuti si owamba, si oyanika. Mnzanu akakuuzani kuti "dzulo tinadyera usipa wauwisi", mumadziwa kuti usipawo unadutsa pamoto, ndi tomato womwe. Akungousiyanitsa ndi bonya kapena usipa wofutsa.

Tsinde la -wisi lili m'kagulu kochepa ka afotokozi amene amavala agwirizanitsi awiri nthawi imodzi, pamodzi ndi -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -muna ndi -kazi: ya-i-wisi, za-zi-wisi, cha-chi-wisi. Tanthauzo lake ndi lotakata kuposa mmene timaganizira. Chimanga chachiwisi n'chimene sichinaume. Mango aawisi ndi amene sanapse. Nkhuni zaziwisi zimafuka utsi. Udzu wauwisi ndi wobiriwira. Nyama yaiwisi ikhoza kukhala ya kubutchala imene sinaione moto, ikhozanso kukhala ya pambale imene wophika anaiphula msanga. Chingerezi chinagawa dera limeneli pa mawu angapo, raw, fresh, unripe, green. Ife tinalisiya lonse m'dzanja limodzi: chinthu chimene chikadali ndi madzi ake a chibadwire, chimene dzuwa, moto kapena nthawi sizinachigwirepo ntchito. Mnzake wotsutsana naye, mneni kupsa, nayenso ndi chimodzimodzi. Nsima yapsa, nthochi yapsa, nyumba yapsa.

Ndiye agogo aja akamva kuti malo ena amagulitsa "nsomba yaiwisi" pa ndalama zankhaninkhani, adzangoti, "Nanga chachilendo n'chiyani? Ku Mpondabwino zili mbwee." Womasulira wanena zoona, koma uthenga sunafike. Chimene amafuna kunena ndi nsomba yosaphika, yodyedwa isanaone moto. Ndipo ndikuganiza kuti mawu akuti fuleshi, amene ena a inu mumawakwinyira nkhope, sanalowe m'misika yathu mwangozi. Usipa wafuleshi sungasokonezeke ndi china chilichonse. Analowa chifukwa panali kampata.

Koma ngakhale "yosaphika" si chilungamo chonse. Ophika sushi a mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, analibe firiji, ndipo nsomba ankaigwirira ntchito isanakwere pampunga. Ina ankainyika mumsuzi wa soya, ina ankaithira mchere n'kuiviika muviniga, ina ankaiwiritsa. Malo apamwamba ambiri akutsatabe njira zimenezi. Nsomba ya salmon, imene lero anthu amaiyesa mwini sushi, Ajapani sankaidya yosaphika poopa nyongolotsi. Anachita kunyengereredwa ndi dziko la Norway, limene kuyambira m'zaka za m'ma 1980 linkafuna msika wa salmon yake yoweta. (Ophunzira anga anavutika nalo dzinali, ena n'kulemba "nsomba yofiira". M'bale wake wapafupi ali pamwamba pa phiri la Zomba pompano, trout amene azungu anamuika m'mitsinje yozizira ya kumeneko. Mpaka lero timangoti trout. Nsomba imene siinakhalepo ndiwo za anthu wamba siifulumira kupatsidwa dzina.) Ndipo nsomba zambiri zimene zimadyedwa zosaphika zimayamba zaumitsidwa ndi chisanu. Malangizo a boma la United States amati ikhale pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa masiku 7 kuti nyongolotsi zife. Ndiye nsomba "yaiwisi" ya pamenyu ija mwina inagona mufiriji sabata yathunthu, pamene makumba a mayi aja dzulo lake anali akusambira.

Apa ndiyankhule ngati kholo, osati ngati mphunzitsi wa malamulo a chiyankhulo. Mnyamata wina m'kalasi anaseka n'kunena kuti ndiye iye atsegula malo a sushi ku Likangala, poti mpunga ulipo, nsomba zaziwisi zilipo. Tinaseka tonse. Koma taonani mmene -wisi wamutengera kuphompho: chifukwa choti nsomba ndi yaiwisi m'tanthauzo la pamsika, waganiza kuti ndi yoyenera kudya yaiwisi m'tanthauzo la pamenyu. Nsomba za m'madzi opanda mchere zimasunga tizilombo timene mdani wake wodalirika ndi moto. Mtsinje wa Likangala umatola zambiri podutsa m'tauni muno, n'kukazitula m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe potulukira madzi. Kolera si mlendo kwa asodzi okhala m'zimbowera, ndipo mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Makumba aphikidwe. Mlamba uwambidwe. Ngakhale funazushi wa ku Biwa uja sadyedwa asanagone mumchere miyezi.

Tibwerere kumenyu. Mawu a nigiri ambiri anawasiya momwemo, ena anati "mpunga wokhala ndi nsomba pamwamba". Sizolakwika, koma n'zozizira. Nigiri anachokera ku mneni nigiru, kufumbata. Ndi kachakudya kokwana pakamwa kamodzi kamene dzanja laumba. Abale, dzina lake tili nalo kale: mbamu. Munthu amatema nsima, amaiumba m'dzanja, amasunsa mumsuzi, amaponya m'kamwa. Nigiri ndi mbamu ya mpunga imene yanyamuliratu ndiwo zake kumsana. Ngakhale kudya ndi manja n'kololedwa, eni ake ambiri amatero, ndipo ine ndinavutika ndi timitengo tija mwaulere.

Mukangoti mbamu, mumayamba kuona chimene chinkandisowetsa mtendere usiku uja, chimene panthawiyo sindinathe kuchitchula. Kwathu munthu wamkulu saumbiridwa mbamu. Woumbiridwa ndi mwana amene akuphunzira kudya, kapena wodwala amene manja afooka. Ndiye ine, bambo wa ndevu zanga, ndinakhala pampando n'kumadikira mwamuna mnzanga andiumbire mbamu ndi dzanja lake, imodziimodzi, ine n'kumathokoza. Dzina la Chijapani linandiphimba m'maso. La Chichewa linandivula.

Ndiponso mbamu imeneyi siinabadwire m'nyumba za mabwana. Anthu ambiri amati amene anaitchukitsa ndi Hanaya Yohei, ku Edo, m'zaka za m'ma 1820, ndipo inafala pogulitsidwa m'timisasa ta m'mbali mwa msewu kwa anthu a ntchito amene analibe nthawi yokhala pansi. Ankadya ataimirira, n'kumapita. Dzina la malo otere m'Chichewa cha m'tauni simulisowa: chiimirire. Chakudya chimene filimu ya Jiro Dreams of Sushi ya 2011 inachionetsa ngati pemphero la m'kachisi, pamalo a mipando khumi yokha ku Ginza, chinayambira pachiimirire. Menyu yathu ija, m'ndime yake yaitali yotamanda "mwambo", siinatchulepo zimenezi. Ndikumvetsa chifukwa chake.

Pamwamba penipeni pa pepalalo, pa mtengo wokwera kuposa yonse, panalembedwa liwu limodzi: omakase. Mneni wake ndi makaseru, kusiyira wina udindo, ndipo "o" wakutsogoloyo ndi waulemu, ntchito imene ife timagwira ndi a- ndi -ni. Tanthauzo lake n'lakuti wodya sasankha, wophika ndiye aona chopereka. Apa ophunzira anachita bwino. "Zili kwa inu." "Ndasiya m'manja mwanu." Wina anati "Mmene muonere, achimwene", ndipo ndinampatsa malikisi onse ngakhale achimwenewo anawonjezera yekha. Wina analemba "chilichonse", ameneyo ndinamudula, chifukwa chilichonse ndi mawu a munthu amene sasamala, pamene omakase ndi mawu a munthu amene wakhulupirira.

Komatu mukangomasulira, funso limadzuka lokha. Ndi liti pamene mlendo pakhomo la Mmalawi anasankhapo ndiwo? Mukafika kwa azakhali anu ku Chinamwali, amakupatsani madzi osamba m'manja, n'kubweretsa chimene iwo aona kuti n'choyenera, kaya ndi nkhuku kaya ndi matemba otendera. Simufunsa. Umenewo ndi omakase wa tsiku ndi tsiku, ndipo salipiritsa. Malo odyera anabwera ndi ufulu wosankha ngati chinthu chapamwamba, menyu m'manja, "mudya chiyani bwana?" Tsopano malo apamwamba kuposa onse akukulandani ufulu womwewo n'kukulipiritsani kowirikiza. Sindikunena kuti ndi kuba. Wophika uja amadziwadi nsomba imene yabwera bwino tsiku limenelo kuposa ine. Ndikungoti liwu losamasuliridwa limachititsa chinthu chodziwika kuoneka ngati chinsinsi, ndipo chinsinsi chimakwera mtengo.

Chimodzimodzi ndi timawu tina timene tinamwazidwa papepalapo popanda kufotokoza: shari m'malo mwa mpunga, gari m'malo mwa jinja woviika muviniga, agari m'malo mwa tiyi, murasaki m'malo mwa msuzi wa soya. Amenewa si mawu a Chijapani cha aliyense. Ndi chiyankhulo cha kuseri kwa thebulo, cha ophika okhaokha, monga mmene makondakitala a minibasi kapena ogulitsa nsomba ali ndi mawu awo amene kasitomala sayenera kuwamva. Ku Japan komweko ambiri amaona kuti n'kudzionetsera kasitomala akamawatchula. Menyu ya kunja yatenga mawu a kukhitchini n'kuwagulitsa kwa mlendo kuti adzimve ngati mwini mudzi.

Koma muli chuma m'timawu timeneti chimene womasulira wa Chichewa angachigwire kuposa wa Chingerezi. Gari ndi mvekero. Akutsanzira phokoso la mano potafuna chinthu cholimbirako, monga mmene mneni wathu kukukuta amachitira. Toro, mnofu wonona wa pamimba pa nsomba ya tuna umene lero ndi wodula kwambiri, dzina lake linachokera ku mvekero wa chinthu chosungunuka pakamwa, ndipo kale mnofu umenewu anthu ankaunyoza. Chijapani ndi Chichewa zonse ndi ziyankhulo zolemera ndi mvekero. Menyu ya Chingerezi inachita kuunjika afotokozi atatuatatu kuti inene chimene Mjapani amanena ndi liwu limodzi. Ife sitifunika kudzera ku London. Wophunzira amene analemba kuti nsombayo inali "yofiira psuu" ndipo mpunga "woyera mbee", ndi wina amene anati dzira lija "limatsekemera tseketseke", anafika pafupi ndi Tokyo kuposa mwini menyu.

Kumunsi kwa pepala, pakati pa nsomba zotsikirako mtengo, panali dzina limene palibe analidziwa: izumidai. Ndinawauza kuti afufuze. Izumi ndi kasupe. Dai ndi tai amene wasintha liwu chifukwa cha rendaku uja, ndipo tai ndi nsomba ya m'nyanja ya mchere yolemekezeka kwambiri ku Japan, ya paukwati ndi pa chaka chatsopano. Ndiye izumidai ndi "tai wa pakasupe". Dzina lokongola. Nsomba yake? Tilapia woweta m'madamu. Mtundu wa Oreochromis, banja limodzi ndi makumba amene ndinagula ku Mpondabwino. M'kalasi munali phokoso.

Tsatirani ulendo wa dzinali. Akatswiri ambiri amati tilapia anachokera ku tlhapi, liwu la Chitswana lotanthauza nsomba, limene mzungu wina wofufuza zachilengedwe, Andrew Smith, analiveka chovala cha Chilatini mu 1840. Liwu la abale athu a Chibantu linapita kunja, n'kukhala dzina la nsomba yotsika mtengo, ndipo amalonda atafuna kuikweza anaibwerekera dzina la nsomba ya mafumu. Zimafika poipa kuposa apa. Mu 2013 bungwe la Oceana litapima nsomba zogulitsidwa ku United States, linapeza kuti m'malo ogulitsa sushi pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse zimene linapima sizinali nsomba zimene dzina lake linkanena, ndipo tilapia inali m'gulu la zimene zinkabisala m'mayina a zinzake.

Tisanaloze chala, tiyang'ane mbale yathu. Kwa msodzi, chambo ndi chambo, kasawala ndi mwana wake, makumba ndi makumba. Nyanja ya Chilwa nsomba zake zodziwika ndi zitatu, matemba, mlamba ndi makumba, ndipo n'zimene zimabwerera nyanjayi ikadzadzanso pambuyo pouma, monga inachitira itauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Chambo chenicheni kwawo ndi kunyanja ya Malawi, ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, ndipo chachepa mpaka mu 2018 bungwe la IUCN linachiika pamndandanda wa zamoyo zimene zili pafupi kutha. Koma lowani m'malo odyera ambiri a m'tauni. Nsomba iliyonse yopyapyala m'mbali, ya minga kumsana, ikangogona pambale ya dothi loyera ndi kagawo ka ndimu, yasanduka chambo. Inatuluka m'madzi ili makumba, inakwera njinga ili makumba, inalowa pakhomo la kukhitchini ili makumba. Dzina linasinthira pachiwaya. Ndipo ndalama imene dzina latsopanolo labweretsa siibwerera ku Kachulu, poti msodzi anagulitsa makumba.

Ndiye pa izumidai ndinayembekezera kuona amene agwe mumsampha womwewo. Mtsikana wa mpunga uja analemba kuti "m'bale wake wa makumba, woweta m'damu". Ndinachonga. Mnyamata wofuna kutsegula malo ku Likangala uja analemba kuti "chambo cha pakasupe". Ndinadula, n'kulemba m'mbali kuti nsomba imeneyi si chambo.

Mawa lake anandipeza kuofesi pepala lili m'manja.

"Aphunzitsi, apa mwandilakwira."

"Ndakulakwira bwanji? Tilapia ameneyu si chambo."

"Eya, komanso si tai. Eni akewo ananama mwaulemu, inenso ndanama mwaulemu. Munati timasulire menyu, simunati tiikonze. Nanga ndikalemba makumba, ndani angalipire ndalama zonsezo?"

Ndinaliyang'ana pepalalo kanthawi. Ndinamubwezera theka la malikisi, ndipo anatuluka akudandaulabe za theka linalo.